Ndinkamufunira kabaza mkamwini wanga

Ana anga, makalata anu ndawalandira, koma sabata ino ayambe adikira kaye. Atatu mwa iwo akulira maliro amodzi. Awiri akuti amuna awo sachoka pakompyuta usiku wonse, wina akuti mwana wake adamaliza sukulu koma amangokhalira "kujambulajambula" palaputopu, ndipo pakhomo palibe cholowa. M'malo moyankha mmodzimmodzi, ndati ndikuuzeni zomwe zidandionekera ine mwini. Pankhani imeneyi ndidalakwapo, ndipo lilime langali lidatsala pang'ono kupasula banja la mwana wanga yemwe.

Mzime wanga ndi mphunzitsi wa kupulayimale mumzinda wa Lilongwe. Adakwatiwa ndi mnyamata wofatsa, wosalawa mowa, waulemu wake. Vuto lidali limodzi: ntchito yake ndinkalephera kuifotokoza kwa azimayi anzanga akumvano. Amakonza zinthu pakompyuta. Makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za magolosale, timapepala tomata pamabotolo a uchi ndi chiponde, komanso tizizindikiro ta mabizinesi tomwe eni ake amati logo. Iye amadzitchula kuti graphic designer. Ine anthu akandifunsa ndinkangoti, "Amagwira kosindikiza mabuku," n'kusintha nkhani msanga. Sindinkanama, poti adalembedwadi ntchito pakampani ina yosindikiza.

Mukukumbukira zomwe zidachitika mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye mitengo idakwera mosaneneka. Ambiri adayamba kutumiza makhadi a ukwati pa WhatsApp m'malo mosindikiza. Kampani ija idachepetsa antchito, ndipo pofika Januwale 2024 mkamwini wanga adali pakhomo.

Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Lendi, chakudya, sukulu ya mkaka ya mdzukulu wanga, zonse pamutu pa mwana wanga. Akamachoka m'mawa mwamuna ali m'tulo. Akamagona usiku mwamuna ali maso, nkhope ili ngwee ndi kuwala kwa laputopu. Akadzidzimuka pakati pausiku, mbali ina ya bedi ili zii. Mkazi aliyense akhoza kuyamba kuganiza zambiri. Adabwera kwanga Loweruka lina maso ali psuu, n'kundikhuthulira zonse, mpaka kunena kuti mwina pali kamkazi komwe amacheza nako pa intaneti.

Apa ndiye pomwe ndidapalamula. Ine amene ndakhala ndikulangiza maanja kuti mlandu sagamula utamva mbali imodzi, ndidangoti, "Mwamuna wanji wokhalira kuseweretsa kompyuta ngati mwana wasukulu? Agulitse chinthucho, tiwonjezerepo, agule njinga yamoto azichita kabaza ngati amuna anzake." Mwana wanga adanyamula mawu amenewa osagwetsako ndi limodzi lomwe, n'kukawatula kunyumba ngati ake. Koma mkamwini adadziwa mphika womwe adaphikidwamo. Adangoyankha kuti, "Mawu awa si ako." Kuchokera tsiku limenelo m'nyumbamo mudalowa chisanu, ndipo mwezi usadathe ankhoswe adaitanidwa.

Nkhoswe ya mbali yathu ndi mlongo wanga. Atabwerako adandipeza ndikutongola chimanga, n'kunena kuti, "Achemwali, mnyamata uja sadakane zoti sagona. Akuti usiku ndi pomwe magetsi amakhalitsa, ndipo bandulo ya usiku ndi yotsikirako mtengo. Wapempha milungu 6. Akuti akumanga nyumba pa intaneti." Tidaseka mpaka misozi. Munthu wolephera kulipira lendi ku Area 25, ati akumanga nyumba m'malere!

Milungu ija itakwana adabwera onse awiri Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi mpongozi wake sakhala moyandikana. Iye adakhala kumapeto kwa khonde, n'kupatsa mkazi wake foni kuti andipatsire. "Apongozi, tati muone ntchito yomwe imandisowetsa tulo."

Ndidavala mandala. Pamwamba padali dzina lake ndi chiganizo chimodzi chonena zomwe amachita. Pansi pake zithunzi 12, zoyalidwa bwinobwino ngati tomato wa pabenchi. Ukagunda chimodzi chimakula, ndipo pamabwera mizere itatu kapena inayi: yemwe adapempha ntchitoyo, vuto lomwe adali nalo, ndi zomwe iye adachita. Chimodzi ndidachizindikira nthawi yomweyo. Kadali kapepala ka pabotolo la uchi lomwe lidali m'kabati mwanga momwemo. Ndidaligula poti lidaoneka laukhondo kuposa anzake pashelefu, osadziwa kuti ukhondo ndinkauonawo udachokera m'manja mwa munthu yemwe ndinkamufunira kabaza.

Tsamba la pa intaneti lotere eni ake amalitchula kuti portfolio. Atandifotokozera, mtima wanga udabwerera kusukulu ya unamwino. Tikuphunzira uzamba aliyense adali ndi kabuku kake. Mayi aliyense yemwe wamuthandiza kuchira unkamulemba m'menemo, tsiku lake ndi momwe zidayendera, asisitala n'kusayina. Ukhoze bwanji mayeso a papepala, popanda kabuku kodzaza sunkaloledwa kutchedwa mzamba. Pakamwa aliyense amatha kubereketsa. Kabuku ndi komwe kankanena zoona. Ndidazindikira kuti mnyamatayu wakhala akufunsira ntchito ndi pakamwa pokha. Ntchito zake zidali zobalalika: zina m'foni, zina pa Facebook pakati pa zithunzi za mpira ndi za ubatizo wa mwana, zina zidatsalira m'kompyuta ya kampani ija ndipo sadazionenso. Munthu akati "tandionetseni zomwe mudapangapo", iye ankayamba kufufuza uku thukuta lili kamukamu. Tsopano amangotumiza adiresi imodzi.

Kwa inu amene muli ndi ana kapena amuna a luso lotere, ndikuuzeni pang'ono za kamangidwe kake, kuti akamakupemphani ndalama muzidziwa chomwe ikukagwira. Pali zinthu ziwiri zolipira. Choyamba ndi dzina la tsambalo, lomwe amati domain, lija limathera ndi .com kapena .mw, zilembo za dziko lathu. Dzinali sugula kamodzi n'kukhala lako mpaka kalekale. Umalipira chaka ndi chaka, ndipo ukaiwala limatha kutengedwa ndi wina. Chachiwiri ndi malo osungirako zithunzizo pakompyuta yaikulu ya kampani ina, yomwe sizima usana ndi usiku. Imeneyo ndiye lendi ya nyumba ija tinkaiseka. Makampani ambiri otere ndi akunja, amafuna madola kudzera pakhadi la kubanki, ndipo za madola m'dziko muno simufuna kuuzidwa. Koma woyamba kumene asalire. Pali malo aulere monga Behance, komwe ojambula a m'maiko ambiri amayalako ntchito zawo, ndipo WordPress nayo ili ndi mbali yaulere, kungoti dzina lako limakhala lomatirira ku lawo, ngati munthu wochita lendi kuseri kwa nyumba ya eni. Mkamwini wanga adayamba ndi zaulerezo. Dzina lakelake adagula pambuyo pake, ntchito zitayamba kudontha.

Chomwe chidamudyera nthawi kwambiri ndi kusankha. Adali ndi ntchito zoposa 200, ndipo zonse ankazikonda ngati ana. Akuti poyamba adaikapo 60. Tsambalo linkachedwa kutseguka, n'kumadya bandulo ya munthu. Anthu athu ambiri amaona intaneti pafoni, ndipo akaona kachinthu kaja kakungozungulira amatseka n'kumapita. Adayenera kuchepetsa kulemera kwa chithunzi chilichonse, n'kuchotsa zambiri mpaka kutsala 12 zija. Zotsalazo adazisunga pawiri, palaputopu ndi pakachipangizo kapadera, poti adali ataphunzira ndi zija zidatsalira kukampani.

Tsono ine, ngakhale manyazi adali atandigwira, unamwino sudandichoke. Pakati pa zithunzi zija padali ziwiri zomwe zidandidetsa nkhawa. China idali pulogalamu ya maliro, nkhope ya malemu ili poyera, mayina a ana onse ndi mudzi wawo. China idali positala ya gulu lina la anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, omwe amalimbikitsana kumwa mankhwala mwandondomeko. Nkhope zisanu zikumwetulira. Ndidafunsa kudzera mwa mwana wanga ngati eni nkhopezo adavomera. Iye adati positalayo idapachikidwa kale pachipatala cha kwawoko, ndiye palibenso chinsinsi. Ndidakana. Munthu amene wavomera kuti nkhope yake ikhale pakhoma la chipatala cha kumudzi kwake sadavomere kuti bwana wa mwana wake ku Johannesburg aione pafoni. Zaka zonse zomwe ndidagwira m'mawodi ndidaona maukwati akutha, anthu akusiya mankhwala, chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi wosasunga chinsinsi. Komanso kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo zaumoyo wa munthu ndi zina mwa zomwe limatchinjiriza kwambiri. Adawiringula pang'ono poti positalayo ndi yomwe ankainyadira, koma adaichotsa usiku womwewo. Ya maliro adakapempha kwa mkazi wa malemu, yemwe adalola chikuto chokha popanda mayina a ana. Pamakhadi a ukwati adafufutapo manambala a foni.

Chomwe sindidayembekezere n'choti mwana wanga, yemwe adabwera atakwinya nkhope, adalanda foni ija n'kuyamba kupeza zolakwika m'mawu. Uphunzitsi sabisa! Apa chilembo chasowa, apa Chingerezi chapindika, apa mwalekanitsa mawu oyenera kulumikizana. Sabata yotsatira yonse ankakhala onse awiri usiku, iye akuwerenga, mwamuna akukonza. Ndi iyenso adanena kuti mawu ofotokozera akhale m'zinenero ziwiri, poti mayi wogulitsa chiponde ku Mchesi sayenera kulimbana ndi Chingerezi kuti adziwe ngati munthuyu angamuthandize. Kamkazi ka pa intaneti kaja sikadatchulidwenso.

Lidatsala vuto la laputopu. Idali yokalamba kuposa ukwati wawo, batire lidafa kalekale, magetsi akangothima nayo inkathima ntchito ili pakati. Kuti asinthe pankafunika ndalama, ndipo maso onse adaloza kwa ine ndi kapenshoni kanga ndi masheya anga a kubanki mkhonde. Ndidavomera kubwereketsa, osati kupatsa, koma ndidati ndalama yanga sipita komwe maso anga sadafike. Zidangochitika kuti nthawi yomweyo, chapakati pa 2024, mumzindamu mudali chionetsero cha zamakompyuta ndi zamafoni cha masiku angapo. Mkamwini ankafuna kukafananitsa mitengo komanso kukagawa timakhadi take. Lidali tsiku la mkati mwa sabata, mwana wanga ali m'kalasi. Choncho tidapita awiri, mpongozi ndi mkamwini, zomwe malemu mayi anga akadamva akadagwira pakamwa. M'minibasi iye adakhala kutsogolo ndi dalaivala, ine mpando wakumbuyo kwenikweni. Kondakitala sadadziwe kuti tili limodzi mpaka pomwe adandilipirira.

Ine zionetsero ndinkadziwa za ku Chichiri ku Blantyre, kuja timakaona mathirakitala, mipando ndi nsalu. Ichi chidali china. Holo yodzaza masikirini, nyimbo mbali zonse, atsikana ovala malaya ofanana akukukodola kuti ulembetse izi ndi izo, n'kukupatsa cholembera. Mabanki, makampani a mafoni, ogulitsa sola, ana a m'sukulu za ukachenjede ataima pambali pa timakina tomwe apanga okha. Ndidataya nthawi yambiri patebulo la tindege topanda woyendetsa, tija amati ma drone. Ndidakumbuka kuti mu 2016 mu Lilongwe momwemuno adayeserera tindege totere kunyamula magazi a makanda opita kokayezedwa HIV, ndipo mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ku Kasungu. Amene tidadikirapo njinga yamoto yonyamula magazi mvula itadula msewu, mayi akubwera sabata ndi sabata kudzafunsa zotsatira za mwana wake, timadziwa kufunika kwake. Mkamwini adachita kundikumbutsa mwaulemu kuti tabwerera laputopu.

Apo ndiye ndidaona munthu wina. Mnyamata wosayankhula uja, pamaso pa ogulitsa adasanduka loya. Wogulitsa wina, ataona mayi wachikulire wa chikwama chakukhwapa, adathamangira kwa ine ndi laputopu yopyapyala yasiliva, yokongola ngati mbale ya alendo. Ndikadakhala ndekha ndikadagula. Mkamwini adangofunsa mafunso atatu, n'kupukusa mutu. Tili pambali adandifotokozera. Akuti choyamba amayang'ana RAM, yomwe ine ndidaimva ngati kukula kwa tebulo logwirirapo ntchito: likachepa, zipangizo zimasanjikizana ndipo ntchito imachedwa. Yasiliva ija idali ndi 4GB, yokwana kulembera makalata basi. Ntchito ya zithunzi imafuna 16GB, ikachepetsetsa 8GB. Chachiwiri ndi mosungira zinthu. Makompyuta akale ali ndi kambale kozungulira mkati, komwe kamachedwa, ndipo laputopu ikagwa kamatha kufa ndi zonse zili m'menemo; atsopano ali ndi SSD, yopanda choyenda mkati, yachangu. Chachitatu ndi pepala la warranty: miyezi ingati, ndipo ikawonongeka akonzera konkuno kapena mpaka itumizidwe kunja. Wogulitsa amene akuyankha funso limeneli akuyang'ana kumbali, musiyeni.

Patebulo la ogulitsa mapulinta ndidakumana ndi tchimo langa lina lakale. Mwana wa mng'ono wanga akukwatiwa, mkamwini ndiye adakonza makhadi. Pafoni adationetsa buluu wowala bwino, wofanana ndi nsalu ya aperekezi. Makhadi atatuluka, buluu uja adali wozimirira ngati malaya ochapidwa kambiri. Ndidamunena kwa abale kuti adagwiritsa ntchito inki yotchipa n'kudya ndalama yotsala. Bambo wa mapulintayo, osadziwa kanthu, ankafotokozera anthu kuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kwa mitundu itatu, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pomwe pulinta imasakaniza inki zinayi, yabuluu wotuwirako, yapinki, yachikasu ndi yakuda. Kuwala kuli ndi mitundu ina yomwe inki zinayizo sizingaitulutse ngakhale makina akhale odula bwanji, ndipo buluu wowala ndi umodzi mwa mitunduyo. N'chifukwa chake wanzeru amapempha kuti asindikize khadi limodzi aone kaye asadalamule 300. Ndidayang'ana mkamwini. Iye ankayang'ana denga. Sadanene kuti "ndinkanena ine", ngakhale adanenadi nthawi imeneyo, ife n'kukana kulipira khadi loyesera ati kupulumutsa ndalama.

Koma chomwe chidatiwumitsa thupi chidali chakumapeto kwa holo, komwe anthu adaunjikana ngati pachitika ngozi. Mnyamata wina ankaonetsa zija akuti AI. Chiyambireni kumapeto kwa 2022, pomwe ChatGPT idatuluka, ndinkangomva pawailesi. Apa ndidaona ndi maso. Munthu amalemba chiganizo, mphindi isadathe positala yathunthu yatuluka, mitundu ndi zithunzi zomwe. Anthu ankaomba m'manja. Mkamwini wanga adangoti chete, timakhadi take tili m'manja, ndipo ndidaona kholingo lake likukwera n'kutsika. Ndidaganiza za ndalama yanga, sindikubisirani. Ndidaganizanso za kabaza.

Ndidadzipanikiza mpaka kutsogolo n'kuuza mnyamatayo kuti, "Mwanawe, tauza makina akowo atipangire positala yoitanira azimayi kusikelo ya ana, m'Chichewa." Idatuluka yokongola zedi. Koma mwana adamuimika pasikelo ya pansi, osati yopachika pamtengo ija ya kabudula, mayiyo atavala ngati akupita kuphwando, ndipo mawu ake adali zilembo zosanjikizana zosamveka m'chinenero chilichonse. Ndidafunsa mkamwini kuti iye akadapanga bwanji. Adayankha anthu akumva: sikelo yopachika, mayi wachitenje ndi buku la kuchipatala m'manja, tsiku ndi malo m'zilembo zazikulu zoti munthu awerenge ali panjinga, mawu osapitirira 10. Bambo wina wa tayi adamupempha khadi pomwepo.

Musaganize kuti ndikuti makinawo ndi opusa. Akusintha msanga, ndipo zina zomwe adalakwitsa tsiku lija lero salakwitsanso. Mkamwini mwini wake amawagwiritsa ntchito tsopano poyesa maganizo asadayambe kujambula. Iye amavomereza kuti ntchito zing'onozing'ono, monga makhadi a tsiku lobadwa, zidayamba kale kuchoka m'manja mwa anthu ngati iye kuchokera pomwe Canva idabwera mu 2013, poti aliyense amadzipangira pafoni. Akuti m'ntchito imeneyi palibe chokhalitsa: ngakhale CeBIT, chionetsero cha makompyuta cha ku Hanover m'dziko la Germany chomwe pa nthawi ina chidali chachikulu kuposa zonse padziko, chidatsekedwa mu 2018. Chomwe amadalira iye ndi kukhala pansi ndi mayi wa uchi, kumva kuti makasitomala ake ndi ndani, botolo ndi lalikulu bwanji, ndipo kapepalako kakanyowa kachita bwanji. Pakadali pano zimenezi zikumudyetsa.

Timakhadi adapita nato 50. Kuseri kwake adaikako kachizindikiro ka timabokosi takuda kaja amati QR code, koti munthu akakaloza ndi kamera ya foni tsamba lija limatseguka. Pofika masana adali atagawa 6 tokha, chifukwa cha manyazi. Ndidamulanda theka. Gogo sakanidwa kawiri. Ndinkangoti, "Bambo, landirani, uyu ndi mkamwini wanga, ntchito yake muione nokha." Kadali koyamba kunena mawu amenewa pagulu. Mwa onse olandira adaimba foni anthu awiri, ndipo mmodzi yekha ndiye adabweretsa ntchito, ya mapepala omata pamapaketi a ufa wa soya a kopaletivi ina. Musamve ngati tidabwerako ndi chuma.

Pobwerera tidaima pachiwaya kudya tchipisi, iye benchi iyi, ine iyo. Ndidayamba ndine. "Apongozi, mawu a kabaza aja adachokera kwa ine. A makhadi a buluu aja ndine ndemwe. Ndidayankhula ndisadaone. Mundikhululukire." Adaika mbale pansi n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Amayi, ndinkadziwa. Koma nanenso ndikadakuonetsani kale." Makolo anzanga, kupepesa kwa mwana wobereka wekha n'kovuta kale, nanji kwa mkamwini, pamsewu, wokazinga tchipisi atatchera khutu!

Laputopu sitidagule tsiku limenelo. Pachionetsero pamakhala phokoso lokufulumizitsa, "mtengo uwu ndi wa lero lokha", ndipo ine ndidakula ndikumva kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tidalemba mitengo, n'kukagula patatha milungu iwiri yogwiritsidwapo kale ntchito koma yokonzedwanso, ya 16GB, ndi warranty ya miyezi 6 yolembedwa papepala. Ngongole nayo tidailemba papepala, tonse atatu n'kusayina, mlongo wanga mboni. Ena adati ndaonjeza. Ine ndaona abale ambiri akusiya kulonjerana chifukwa cha ndalama yobwerekana pakamwa.

Tsono inu mudandilembera aja. Sindikuti aliyense wochezera pakompyuta akugwira ntchito. Ena akutchova juga ya mpira, ena akuonera zolaula, ena alidi ndi kamkazi kapena kamwamuna. Koma kusiyanitsa sikovuta. Mufunseni mofatsa, osati pa nthawi ya mkangano, kuti akuonetseni. Wogwira ntchito amakondwa, amakukokerani mpando, mpaka mumatopa ndinu. Wobisa amatembenuza sikirini kapena kupsa mtima. Ndipo ngati akuti ndi waluso, mupatseni nthawi yodziwika, monga adachitira ankhoswe athu, kuti asonkhanitse ntchito zake pamalo amodzi. Akalephera kupeza ngakhale zisanu zoti n'kuonetsa mlendo, pamenepo nkhani ya kabaza mukhoza kuiyamba, ndipo kabaza si ntchito yonyozeka.

Nanunso anyamata ndi atsikana a makompyuta, mlandu wina ndi wanu. Mkamwini wanga adakhala miyezi itatu osamuuza mkazi wake chomwe akuchita, ati ankafuna adzamudzidzimutse zitatha. Munthu amene akukulipirira lendi umamuuza zinthu zikadali zosakongola momwemo. Muzitenga theka la ndalama musadayambe ntchito, ngakhale wopemphayo akhale wa kutchalitchi kwanu. Dziwaninso kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula ngati momwe limatetezera nyimbo, ndiye mukamagulitsa logo gwirizanani polemba kuti mwini wake akhala ndani, komanso ngati mukuloledwa kuionetsa patsamba lanu. Ndipo matupi anuwo si achitsulo. Pakatha mphindi 20 zilizonse chotsani maso pasikirini, muyang'ane chinthu chomwe chili pamtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20. Laputopu ikwezeni pamabuku kuti mutu usamawerame, ndipo muziimirirako kuwongola msana. Mutu ukamapweteka madzulo aliwonse pitani akakuyezeni maso m'malo momeza mapiritsi ngati mtedza. Za tulo ndidachita kulamula: kwa mwana wanga laputopu imatsekedwa 11 koloko, bandulo ya usiku itchipe bwanji.

Ngongole ija ikubwezedwa mwezi ndi mwezi, yatsala pang'ono. Mwezi wathawu tsiku lidadutsa osaona uthenga wa ndalama pafoni. Ndidangoti chete, lilime ndidaliluma. Lachisanu madzulo mwana wanga adatulukira ndi botolo la uchi, lija la kapepala kaja, n'kunena ali chiimire pakhomo kuti, "Amayi, mwezi uno tichedwa pang'ono. Kasitomala wathu wina sadatilipire, koma tamulembera kale kalata." Ndidalandira uchiwo, n'kumuuza kuti akawapatse moni apongozi anga.